Mwana akulemba b ngati d, nkhuku akuti kuku: momwe mungaonere nokha ngati zili za msinkhu wake

Sabata yotsekera teremu yoyamba makope akangobwera kunyumba foni yanga sipuma. Mayi wa ku Mabvuku ajambula tsamba atumiza pa WhatsApp, wina wa ku Dzivarasekwa chimodzimodzi, funso lake ndi lomwelo, “amayi taonani zomwe walemba mdzukulu wanuyu, kodi mutu ukugwira koma?” Ndinaphunzitsako ana a ECD (makalasi a ana ang'ono asanalowe giredi 1) ndi a giredi 1 nde anthu a kumpingo amandiyesa dokotala wa makope. Tsamba limodzi silingandiuze kanthu, olo inuyo silingakuuzeni kanthu, makamaka ana athu kuno ku Harare amene kunyumba agogo akuwayankhula Chichewa, panja akusewera m'Chishona, kusukulu makope ambiri ali m'Chingerezi. Chofunika ndi kuona mtundu wa zolakwazo komanso ngati mwana akusuntha pakapita miyezi. Njira yake ndi iyi.

Zofunika kukhala nazo

- Makope akale a mwana, a miyezi 3 kapena 6 yapitayo, olo ong'ambika
- Mapepala 5 opanda mizere ndi limodzi la mizere
- Pensulo yosongola, yaifupi ndiye yabwino, ndi makrayoni angapo
- Envulopu yaikulu kapena kapulasitiki kosungiramo mapepala
- Khadi la kusikelo la mwana
- Foni yoti mujambulire kavidiyo
- Mphindi 15 masana mwana atadya. Usiku pa kandulo magetsi atapita ayi

Labala mubise. Mwana akamafufuta ndiye kuti akufufuta zomwe inu mukufuna kuona.

1. Werengani zaka ndi miyezi yomwe, osati kalasi

Kuno ana ambiri amalowa ECD A ali ndi zaka 4, ECD B zaka 5, giredi 1 zaka 6, ndipo chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale. Ndekuti m'kalasi imodzi mwana wobadwa mu Januwale ndi wobadwa mu Disembala atha kusiyana miyezi 11, pa msinkhu umenewu ndi mtunda wautali zedi. Lembani pamwamba pa pepala kuti zaka 6 miyezi 2, ndi deti la lero. Onaninso pa khadi la kusikelo ngati anabadwa masiku asanakwane kapena ankadwaladwala makutu.

Chenjezo: werengeraninso masiku amene anajomba. Mwana amene anakhala teremu yonse pakhomo chifukwa cha fizi, kapena munapita naye kumudzi ku Dedza kumaliro nkukhalako miyezi iwiri, sangafanane ndi amene sanaphonye tsiku. Musamuyese pa zomwe sanaphunzitsidwe.

2. Yambani ndi zojambula, zilembo zidikire

Jambulani inu chithunzi chimodzi pamwamba pa pepala, iye akopere m'munsi. Ana ambiri amayenda chonchi: wa zaka 2 amatsanzira mzere woimirira akakuonani mukuujambula, wa zaka 3 amakopera chozungulira, wa zaka 4 mtanda, pakati pa 4 ndi 5 sikweya, pakati pa 5 ndi 6 cha makona atatu, ndipo dayamondi ija ya pa makadi imavuta mpaka cha m'ma 7. Mukatero muuzeni ajambule munthu. Wa zaka 4 amajambula mutu waukulu miyendo itamera pamutu pomwepo, zili bwinobwino zimenezo musaseke. Wa zaka 5 amayamba kuika thupi, manja, maso, pakamwa.

Ndimayambira apa chifukwa zilembo ngati k, x, A ndi M zili ndi mizere yopendekeka, nde mwana amene cha makona atatu chikumukanika sangazilembe bwino olo mutamukhazika pansi mpaka dzuwa kulowa. Dzanja silinafike basi.

Chenjezo: osamugwira dzanja, osamuuza kuti yambira apa. Ingoyang'anani.

3. Jambulani kavidiyo ka dzanja

Akamajambula tengani kavidiyo ka mphindi imodzi, dzanja lokha. Wa zaka 2 amafumbata pensulo ngati mthiko. Akamafika zaka 4 mpaka 6 ambiri amagwira ndi zala zitatu, chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, ndipo zimayamba kuyenda ndi zala m'malo mwa mkono wonse. Ena amagwira ndi zala zinayi nkumalemba bwinobwino, asiyeni. Zoti muone ndi izi: kodi akudinikiza mpaka pepala kubooka? Akutopa mizere iwiri yokha nkumakutumula dzanja? Dzanja linalo likugwira pepala kapena langolendewera?

Za manzere ndinenepo pang'ono poti kwathu nkhaniyi imavuta. Ana ambiri amakhazikika pa dzanja limodzi pakati pa zaka 4 ndi 6. Ngati wanu ndi wamanzere, za kudya nsima ndi kulandira zinthu kwa akulu mukambirana ndi agogo ake, koma pensulo musamusinthe dzanja. Ingopendeketsani pepala mutu wake uloze kumanja, ndipo pa benchi akhale kumapeto kwa kumanzere asamagundane zigongono ndi mnzake.

4. Alembe zake zomwe, kenako akuwerengereni

Mpatseni pepala alembe dzina lake, kenako alembe chilichonse chokhudza chithunzi chomwe wajambula kapena zomwe anaona mu kombi popita ku Mbare. Akafunsa kuti liwu lakuti limalembedwa bwanji muuzeni kuti “lemba momwe ukumvera mwanangu.” Akamaliza akuwerengereni, inu mulembe m'munsi ndi zilembo zing'onozing'ono zomwe wanena, apo ayi pakatha mwezi simudzakumbuka kuti ankati chiyani.

Makwerero ake amakhala motere, koma zaka izi si lamulo, mwana atha kutsogola kapena kutsalira ndi miyezi ingapo:

- Zaka 3 mpaka 4: kukhwatchakhwatcha mizere yokhotakhota nkumati ndalemba kalata
- Zaka 4 mpaka 5: zilembo zenizeni koma zongosakaniza, zambiri zochokera m'dzina lake
- Zaka 5 mpaka 6: dzina amalitha, ndipo liwu lonse amaliimira ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri, galu nkukhala g kapena gl
- Zaka 6 mpaka 7: amalemba momwe akumvera, skul, sed, bikoz, wota, mipata pakati pa mawu pena ilipo pena palibe
- Zaka 7 mpaka 8: wayamba kudziwa kuti Chingerezi chili ndi zilembo zosamveka koma amaziika polakwika, make nkulemba maek

Makolo ambiri akaona bikoz mtima umagwa, pomwe ine ndikaona bikoz kwa mwana wa giredi 1 ndimasangalala, chifukwa mwanayo wamva b, i, k, o, z m'khutu mwake nkuziika m'ndondomeko yake popanda womuuza. Imeneyo ndiye ntchito yaikulu ya kulemba. Zoti Angerezi anasankha kulemba because ndi nkhani yoloweza, ibwera.

Chenjezo: zokopera pa bolodi sizikuwerengedwa. Pali ana amakope okongola ngati osindikiza koma ukawachotsera bolodi sangalembe olo liwu limodzi.

5. Lembetso la mawu 10 kapena 15

Izi ndi za mwana amene wafika pakati pa giredi 1 kupita m'tsogolo, wa ECD musamuvutitse nazo. Tchulani liwu kawiri momwe mumayankhulira masiku onse, osalikoka. Sakanizani zinenero: m'Chishona baba, sadza, huku, mvura, chikoro, m'Chichewa galu, nyumba, munthu, phala, ng'ombe, m'Chingerezi cat, bed, ship, jump, said.

Chishona ndi Chichewa zimalembedwa pafupifupi momwe zimamvekera, ba be bi bo bu, nde mwana akagwira maphatikizo amathamanga msanga. Chingerezi ndi china. Si zachilendo kuti mwana wa giredi 2 alembe chikoro molondola koma said imugwetse. Chomwe chingandidabwitse ndi mwana wa kumapeto kwa giredi 2 amene baba ndi huku zikumukanika, pomwe akuyankhula Chishona tsiku lonse ndipo wakhala akuphunzira m'kalasi.

6. Gawani zolakwazo milu itatu

Apa ndi pomwe pagona nkhani, musathamange. Tengani liwu lililonse lolakwika muliike pa mulu wake.

Mulu woyamba, za msinkhu. Kulemba momwe akumvera, kuiwala mipata, kusakaniza zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndi kudumpha chilembo pamene zilembo zaunjikana. Jump kukhala jup, munthu kukhala muthu, nkhuku kukhala kuku, nyumba kukhala nyuba. Ka m ndi ka n kobwera patsogolo pa chilembo china kamamveka pang'ono kwambiri, ana a zaka 6 ndi 7 amakameza kawirikawiri.

Mulu wachiwiri, za chinenero. Uwu ndi wathu wathu ndipo ndi umene umapusitsa makolo ngakhale aphunzitsi ena. Chichewa chili m'gulu la zinenero 16 zomwe malamulo a dziko a 2013 anavomereza, koma m'masukulu a mu Harare chomwe mwana amaphunzira kulemba ndi Chishona ndi Chingerezi, nde akamalemba Chichewa amabwereka malamulo a Chishona. Chishona cholembedwa chilibe l, ndiye galu alemba garu, sukulu alemba sukuru. Chilibe ph, th ndi kh zathu zija, ndiye phala alemba pala, thumba alemba tumba, khasu alemba kasu. Ng' yathu iwo amalemba n', ndiye ng'ombe ituluka n'ombe. Buku alemba bhuku poti ndi momwe anaphunzirira, ndipo vuto atha kulemba vhuto chifukwa v ya m'Chishona ndi yofewa ngati ya mu vana. Mwana wochita zimenezi mutu ukugwira kwambiri, akutsata lamulo lomwe anaphunzitsidwa, kungoti walipititsa kwa eni ena.

Ku Chingerezi nakonso, ife l ndi r timazisinthanitsa poyankhula, m'Chichewa r timalemba pambuyo pa e ndi i basi monga bwera ndi mbiri, nde mwana womva Chichewa kunyumba alemba lice pofuna rice, pray pofuna play. Mavawelo athu ndi 5 okha, a e i o u, pomwe Chingerezi pakamvekedwe chili ndi ambiri, ndiye ship ndi sheep kwa iye ndi liwu limodzi, bed ndi bad chimodzimodzi. Komanso mawu athu amathera pa vawelo, nde desk ikhala deski, milk ikhala miliki. Tanenani chilungamo, ndi angati a ife akuluakulu amene timalemba l ndi r molondola pa Facebook?

Mulu wachitatu, zosagwirizana ndi liwu. Mwamuuza dog walemba fnl. Galimoto walemba gamo, maphatikizo athunthu asowa. Liwu limodzi lomwelo walilemba mitundu itatu pa tsamba limodzi ndipo palibe yomwe ikumveka. Walemba koma mukamufunsa sangawerenge zomwe walemba yekha mphindi yomweyo. Kwa mwana wa ECD B kapena miyezi yoyamba ya giredi 1 izi zimachitika. Kwa mwana wa zaka 7 ndi theka kapena 8 amene wakhala akupita kusukulu, mulu uwu ukakhala waukulu ndi pomwe ndimati tiyeni tifufuze.

Chenjezo: musawerenge kuti walakwa 8 pa 10 nkuyamba kukalipa. Mwana wolakwa 8 za mulu woyamba ndi wachiwiri ali pabwino kuposa wolakwa 4 za mulu wachitatu.

7. Nkhani ya b ndi d

Kutembenuza b ndi d, p ndi q, 3, 5, 7, ngakhale kulemba dzina lonse chobwerera ngati pa galasi, ndi zachizolowezi mpaka zaka 7, ena mpaka kumapeto kwa giredi 2. Chifukwa chake nchosavuta: chibadwire mwana waphunzira kuti kapu ndi kapu basi kaya chogwirira chaloza kumanja kaya kumanzere, nde lero mukumuuza kuti kamimba kakaloza uku ndi b kakaloza uko ndi d, zimatenga nthawi kuti azolowere.

Werengani pa tsamba limodzi kuti watembenuza kangati, mulembe nambalayo pakona. Chomwe mukufuna ndi choti nambala izitsika. Pomuthandiza, afumbate manja onse awiri zala zazikulu zitaloza m'mwamba, lamanzere ndi b lamanja ndi d, ngati liwu lija bed. Kutembenuza pakokha si dyslexia ayi, vuto lija loti mwana kuwerenga ndi kulemba mawu zimamuvuta olo akuphunzitsidwa bwino. Kumadetsa nkhawa kukapitirira mu giredi 3 komanso kuli limodzi ndi kuvutika kuwerenga ndi za mulu wachitatu zija.

8. Yesani khutu, pensulo ili pansi

Kulemba mawu kumayambira m'khutu. Mukutsuka mbale kapena mukuyenda kupita kutchalitchi sewerani naye: aombe m'manja maphatikizo a ga-li-mo-to, akuuzeni kuti mbuzi ndi mbale zikuyamba mofanana kapena ayi, anene nyumba osatchula nyu. Wa zaka 5 kuomba m'manja amatha, wa zaka 6 kapena 7 kuchotsa phatikizo amatha akazolowera masewerowo. Ngati izi zikumukanika m'chinenero chomwe amayankhula bwino, lembani zimenezo, ndi zofunika kuposa b ndi d.

Onaninso makutu enieniwo ndi maso. Mwana wotuluka mafinya m'khutu, wokweza TV kwambiri, wongoti “ee?” mukamuitana ali chakumbuyo, kapena wotsinzinira poyang'ana patali ndi kugunditsa mphuno pa kope, vuto likhoza kukhala pamenepo osati m'mutu. Funsaninso kubanja, kuvutika kuwerenga kumayenda m'magazi, mupeza kuti bambo ake kapena amalume ake sukulu inkawavuta pa zomwezi koma masamu a pamsika palibe wowaposa.

9. Sungani, mubwereze pakatha masabata 6 mpaka 8

Ikani zonse mu envulopu. Pakatha masabata 6 kapena 8 chitaninso zomwezo, mawu omwewo, nthawi yomweyo ya tsiku, kenako yalani mapepala akale ndi atsopano pamphasa limodzi ndi makope akale aja. G uja wasanduka gau kapena galu? Mipata yayamba kuoneka? Kutembenuza kwatsika kuchoka pa 9 kufika pa 5? Ngati akusuntha olo pang'ono pitirizani kumuwerengera nkhani ndi kumulola alembe mndandanda wa zokagula, sopo, mchere, matimati. Ngati mapepala a Meyi ndi a Julayi akufanana ngati mapasa pomwe mwakhala mukumuthandiza, pitani pa sitepe 10.

10. Pitani kwa aphunzitsi ndi envulopu yanu

Osapita ndi mkwiyo, osapitanso ndi funso loti “akuchita bwanji” chifukwa yankho lake ndi “akuyesera.” Yalani mapepala mufunse zolunjika: poyerekeza ndi ana obadwa miyezi yofanana naye ali pati? Zilembo ndi kamvekedwe kake akuzidziwa zingati? Amakhala kutsogolo kapena kumbuyo? Pasukulupa pali mphunzitsi wa remedial, wothandiza ana otsalira? Ngati nonse mukuona kuti pali vuto, pemphani a hedi kuti alembere a Schools Psychological Services, amene ali pansi pa unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale, kuti mwana akaunikidwe. Zimatenga nthawi nde muzikumbutsa.

Za makutu ndi maso yambirani ku kiliniki ya khonsolo ya kwanuko, iwo ndi amene amalemba kalata yopita ku chipatala chachikulu. Za maso kuli chipatala cha Sekuru Kaguvi ku Parirenyatwa, ndipo za ana ovutika kugwiritsa ntchito manja kapena ochedwa kukula kuli Children's Rehabilitation Unit ku Sally Mugabe Central Hospital, kuja ambiri timangoti ku Gomo.

Izi zokha musadikire masabata 8: mwana amene ankatha kulemba dzina kapena kuyankhula bwino nkuyamba kuiwala, dzanja limodzi kufooka, kapena kumangoti duu kuyang'ana malo amodzi kwa timasekondi osayankha kangapo patsiku. Ameneyo ku kiliniki sabata yomweyo.

Zomwe ambiri timalakwitsa

Kuyerekeza ndi mwana wa aneba. Simukudziwa kuti anabadwa mwezi uti, komanso kope lomwe anakuonetsani mwina analemba ndi mkulu wake wa giredi 6.

Kulembera mwana homuweki kapena kufufuta zolakwa zonse asanapite nayo. Aphunzitsi akaona zonse zili bwino adziwa bwanji kuti akufunika thandizo? Ine ndinapusitsidwapo teremu yathunthu ndi kope la mwana wina, kufikira tsiku lomwe ndinamuimika pa bolodi.

Kukwapula ndi kutchula maina, mbuli, dofo, waulesi. Mwana woopa amasiya kuyesa mawu atsopano nkumangolemba atatu omwe akuwadziwa, nde inu muziti wasintha pomwe wangobisala.

Kuona kukongola kwa zilembo nkuiwala zomwe zalembedwa. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, wina zilembo ngati mapazi a nkhuku koma mawu onse olondola, ameneyo vuto ndi dzanja, mpatseni dongo aumbe, azitola nyemba, azimanga mabatani ndi kudula mapepala ndi sizasi.

Kuthamangira ma extra lessons musanadziwe vuto. Mulipira madola mwezi ndi mwezi kuti mwana azikakoperanso pa bolodi lina, pomwe mwina chomwe chikufunika ndi magalasi.

Kumangoti adzachita akakula mwana ali giredi 3 kapena 4. Kudikira kuli bwino pa zaka 5 ndi 6, koma kuyambira giredi 3 maphunziro onse amadalira kuwerenga, ndipo mayeso a giredi 7 a bungwe la mayeso la ZIMSEC sachedwa kufika.

Kusiya kumuyankhula Chichewa poganiza kuti zinenero zamuchulukira. Kudziwa zinenero ziwiri kapena zitatu sikubweretsa dyslexia, ndipo mwana amene ali nayo amavutika olo atamayankhula chimodzi chokha. Ndaona makomo ena agogo ataletsedwa kucheza ndi adzukulu m'Chichewa, kumangokhala chete pakhonde poti Chingerezi sachitha, chonsecho nthano zawo ndi ndagi ndi nyimbo za pamtondo ndi zomwe zimanola khutu lija tinayesa pa sitepe 8. Akalemba garu ingomuuzani kuti kusukulu r ali bwino, koma kwathu galu timalemba ndi l, mumulembere pambali aone.